Lipoti la a Ndondomeko

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, a Ndondomeko anali mkulu woona za antchito pakampani yopanga mipando ndi mabeseni a pulasitiki. Dzinali anawapatsa ndi antchito anzawo, chifukwa munthu ukapita kukapempha tchuthi, ngakhale cha maliro, iwo ankayamba avula magalasi, n'kuwapukuta ndi nsonga ya tayi, kenaka n'kunena kuti chilichonse chili ndi ndondomeko yake. Sanali munthu woipa mtima ayi. Tchuthicho ankakupatsa ndithu, koma utalemba kaye mafomu atatu.

Chaka chimene zinthu zinavuta, anthu anasiya kugula mipando. Wa mpando wothyoka mwendo ankangoumanga ndi waya, wa beseni long'ambika ankalimata ndi chitsulo chamoto. Makina awiri anazimitsidwa. Kunabwera manijala watsopano, wachinyamata, wa nsapato zosongoka, ndipo ntchito yake yoyamba inali kuitana a Ndondomeko n'kuwapatsa mndandanda wa anthu khumi ndi awiri oti awalembere makalata owachotsa ntchito. Iwo analemba makalatawo mosamala, imodziimodzi. Atafika pa dzina lomaliza anaona kuti lalembedwa molakwika, chilembo chimodzi chasowa. Anakonza kaye, poti sankagwirizana ndi zolakwika. Atatha kukonza m'pamene anazindikira kuti dzinalo linali lawo.

Kalatayo anailemba, anaisainira, anaiika mu envulopu n'kudzipatsa. Ena amati mpaka anadzisainitsa m'buku kuti alandira.

Kunyumba nkhaniyi inafika mwakachetechete. Akazi awo anali namwino pachipatala china chaching'ono, ndipo ankakonda kunena kuti ntchito yawo siidzatha chifukwa matenda samva zoti chuma chavuta. Anawauza amuna awo kuti asagone, alembe makalata ofunsira ntchito kwina. A Ndondomeko analembadi makalata makumi awiri. Mayankho anabwera atatu, onse ali ndi mawu omwe aja iwo ankalembera anthu zaka zonsezi: kalata yanu taisunga, mpata ukapezeka tidzakudziwitsani. Iwo ankaidziwa bwino kabati imene makalata otere amasungidwamo, ankadziwanso kuti mwezi ukatha ndi amene amayatsira moto wa zinyalala.

M'mawa wina akumwa tiyi, analengeza kuti sadzalembedwanso ntchito ndi munthu. Anafotokoza kuti makampani akuchotsa anthu, inde, koma ntchito imene anthuwo ankagwira sichoka nawo, imatsala pompo. Choncho makampaniwo adzafuna katswiri woti abwere, athandize masiku ochepa, azipita. Ophunzira amamutcha konsatanti. Munthu wotere alibe bwana, sayendera belu, sapempha tchuthi kwa aliyense. Akazi awo anamvetsera mpaka kumapeto uku akusita yunifolomu, kenaka anafunsa ngati konsatantiyo ali ndi tsiku lolandira malipiro. A Ndondomeko anayankha kuti tsiku limenelo ndi limene limasandutsa anthu akapolo. Mayiwo anangoti chabwino, n'kupachika yunifolomu ija kuseri kwa chitseko.

Ofesi inakhazikitsidwa pathebulo lodyera, poti ana awo awiri anali kusukulu yogonera komweko ndipo mbali imodzi ya thebulolo inkangokhala. Anapita kwa wosindikiza makhadi, ndipo posafuna mawu achilendo amene anthu sangawamve, analembetsa kuti Mlangizi Woyima Payekha. Mawu omwewo anawalembetsanso pachikwangwani n'kukhoma pageti.

Kasitomala woyamba anafika tsiku lachitatu. Atamva kugogoda, a Ndondomeko anavala jekete mothamanga n'kukatsegula. Anali mayi wina atapanira nkhuku kukhwapa. Anati wamva kuti kuno kwabwera alangizi, ndiye nkhuku zake zikungosinza, zitatu zafa kale. Iwo anayesa kufotokoza kuti ulangizi wawo ndi wa kayendetsedwe ka antchito m'makampani, koma mayiyo anali ataikhazika kale nkhukuyo pathebulo, pafupi ndi kompyuta. Nkhuku inawayang'ana ndi diso limodzi. Pofuna kuti ulemu usatayike, anafunsa kuti nkhukuzo zilipo zingati, zimadzuka nthawi yanji, ndiponso amene amaziyang'anira ndani. Pomaliza analangiza kuti zodwala azipatse tchuthi, azitsekere pazokha kutali ndi zinzake. Mayiyo anathokoza n'kunyamula nkhuku yake, koma iyo inali itasainira kale pa makhadi atsopano aja.

Sabata yotsatira kunabwera banja lina, mwamuna ndi mkazi amene anali asakuyankhulana. Nawonso anali atamva za alangizi. A Ndondomeko anawapatsa mapepala kuti aliyense alembe dandaulo lake, tsiku limene zinachitika, mayina a mboni, zonsezo makope atatu. Atafika tsamba lachiwiri awiriwo anayang'anizana, anagwirizana ndi maso kuti bamboyu mutu wake suli bwino, n'kutuluka limodzi akuseka. A Ndondomeko analemba m'kabuku kawo kuti nkhaniyo yatheka.

Chimene sanachiganizire poyamba paja n'chakuti munthu wopanda bwana aliyense amamuyesa wantchito wake. Akazi awo pochoka ankasiya malangizo: mvula ikayamba aanule zovala, madzi akabwera kumpopi atunge. Oyandikana nawo anayamba kusiya makiyi kwa iwo. Wina akakhala ndi alendo ambiri, kapena msonkhano wa pabanja, ankadziwa kuti kwa alangizi masana kumakhala munthu, ndiye ankabwera kudzabwereka mipando. Mipando inayi ya pulasitiki imene a Ndondomeko anapatsidwa kukampani atakwanitsa zaka khumi inayenda nyumba zonse za mumsewuwo, ndipo tsiku lina mwini wake anagwira ntchito atakhala pandowa yovundikira chifukwa anali atabwereketsa ndi ya pathebulo yomwe.

Walira mvula walira matope. Sankanena kwa munthu, koma ikakwana teni koloko m'mimba mwawo munkakumbuka tiyi wa kuofesi. Ankalakalaka mpando wawo wozungulira uja, ankalakalaka kupatsidwa moni ndi anthu makumi asanu m'mawa uliwonse. Ngakhale belu limene ankalinyoza lija ankalisowa, chifukwa popanda belu munthu sudziwa nthawi yoweruka, umangokhala pantchito yosakhalapo mpaka dzuwa kulowa.

M'mwezi wachisanu foni inalira. Anali manijala wa nsapato zosongoka uja. Anayamba ndi kufunsa za umoyo wa kunyumba, zimene sanafunsepo ali limodzi, kenaka ananena kuti kampani ikufuna munthu wapadera, wosakondera mbali, woti aunike mmene ingachepetsere zowononga. Ntchito ya masabata atatu, pomaliza lipoti. A Ndondomeko anati ayang'ane kaye ngati ali ndi mpata. Anatsegula kabuku kawo pafupi ndi foni kuti masamba amveke, n'kuona kuti sabata yonseyo munalembedwa chinthu chimodzi chokha, kukatenga nsapato za mayi kwa wosoka. Anati mwina angathe kusuntha zina.

Lolemba anafika pageti la kampani atavala suti yawo yabwino. Mlonda, amene iwo omwe anamulemba ntchito zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, anawachitira sawasha, koma geti sanatsegule. Anatulutsa buku la alendo.

"Iwe, sukundidziwa ine?"

"Ndikukudziwani bwana. Koma ndondomeko."

Analemba dzina, kumene achokera, amene akufuna kuonana naye ndi chifukwa chake. Anawapatsa baji yolembedwa kuti MLENDO yoti avale pakhosi. Ofesi yawo yakale anaipeza itasanduka mosungiramo mafayilo, moti anawaikira kadesiki pakhonde, pafupi ndi makina okopera mapepala. Itakwana teni koloko mayi wopanga tiyi anadutsa ndi thireyi yake, anawapatsa moni mwaulemu wonse, n'kupitirira. Atamuitana, mayiyo anawalozera chidziwitso chimene chinali pakhoma, chonena kuti tiyi ndi wa antchito okha. M'munsi mwake munali siginecha ya a Ndondomeko.

Mbiri inali itawanda kale kuti abwera ndi nkhwangwa. Kulikonse kumene ankalowera ndi kabuku kawo, anthu ankadzambatuka. Kalaliki amene ankadziwika ndi kuwerenga nyuzipepala mpaka masana anayamba kuyenda chothamanga atanyamula mapepala, kupita uku, kubwerera uku, mapepala ake omwewo. Makaniko anapezeka akumenya ndi sipanala makina amene anazimitsidwa chaka chatha. Anthu amene kale ankawaseka kumbali tsopano ankawatcha katswiri, ena ankawafunsa ngati ana akukhoza bwino kusukulu. A Ndondomeko zinkawakomera pang'ono, koma zinkawawawanso, chifukwa mantha amenewo ankawadziwa kukoma kwake.

Tsiku lachinayi manijala anawaitana n'kutseka chitseko. Anati lipoti likhale lalitali mmene angafunire, koma chofunika ndi tsamba lomaliza: mayina asanu ndi limodzi a anthu amene kampani ingathe kuyenda popanda iwo. Akachokera kwa katswiri wapadera, anthu sadzadandaula kwambiri.

Apa m'pamene panali vuto, chifukwa wosunga katundu pakampanipo anali mlamu wawo, mchimwene wa akazi awo. Anali bambo wa thupi lake, wofatsa, wokonda kuseka, ndipo aliyense ankadziwa kuti chiyambire kuvuta kwa malonda, kunyumba yosungiramo katundu kulibe chotuluka. A Ndondomeko anaizengereza nyumbayo mpaka sabata yachiwiri. Atalowa anapeza mipando itasanjikizana mpaka kudenga, yoyera, yofiira, yabuluu, mizeremizere ngati chimanga m'munda. Munthu sanaoneke. Anatsata kanjira kena pakati pa mipandoyo, anakhota kawiri, n'kutulukira m'kachipinda komangidwa ndi mipando yokhayokha. Pansi panali makatoni oyalidwa bwino, kawailesi, ndi pilo wa matumba. Alamu anali gone chagada, nsapato atavula, mkonono ukumveka ngati makina achitatu.

A Ndondomeko anakhosomola. Alamu anatsegula maso, anawayang'ana, anayang'ana baji ija, ndipo mosafulumira anafotokoza kuti amagona pansi chonchi kuti amve ngati muli makoswe. A Ndondomeko anafunsa ngati makoswe amadya pulasitiki. Alamu anati masiku ano zinthu zavuta, sungadziwe.

Madzulo ake, a Ndondomeko asanavule n'komwe jekete, anapeza nkhani itawatsogolera kale kunyumba. Akazi awo anawaikira madzi osamba, anawapatsa chakudya, anadikira kuti amalize, kenaka anati:

"Bambo, ine za ntchito yanu sindilowerera. Koma dzina la achimwene likangolowa mu lipoti limenelo, muzikagona konko kukampani. Malo ogona alipo, mwawaona kale."

Masiku otsatira a Ndondomeko anaonda. Chilungamo chinkanena kuti dzina loyamba pamndandanda ndi la alamu. Koma akalisiya n'kulemba la kalaliki wa nyuzipepala, amene anali ndi ana asanu, nkhope akaiika pati? Anayamba kumapita kunyumba ya katundu ija masana, poti kunali kozizira bwino ndipo alamu tsopano ankangoyendayenda ndi tsache. A Ndondomeko ankakhala pampando umodzi n'kumayang'ana inzake masauzande. Tsiku lina ali chikhalire choncho anakumbuka ndowa imene anakhalira kunyumba ija. Anthu a mumsewu mwawo sanasiye kufuna mipando. Ankaifuna sabata iliyonse, pa ukwati, pa maliro, pa misonkhano, kungoti ankaifuna kwa tsiku limodzi, osati kwa moyo wonse. Zaka zonse zimene anakhala muofesi zimenezi sakanaziona. Anaziona chifukwa chokhala pakhomo masana, akugogoderedwa.

Lipoti linatuluka la masamba makumi atatu, lomangidwa bwino ndi chikuto chabuluu. Manijala analiwerenga iwo ali pompo. Mutu woyamba unkanena kuti mipando imene yadzaza m'nyumba ya katundu izibwereketsedwa kwa anthu pa mtengo wochepa, ndipo ntchitoyo iyendetsedwe ndi wosunga katundu, amene akuidziwa mipandoyo kuposa wina aliyense popeza amakhala nayo pafupi kwambiri. Manijala anagwedeza mutu pang'ono movomereza. Mutu wachiwiri unkanena za magalimoto atatu akuluakulu a mabwana, amene ankamwa mafuta kuposa lole yonyamula katundu. Apa manijala anatsokomola n'kutsegula masamba anayi nthawi imodzi. Anafika kumapeto, anatembenuza chikuto, anayang'ana kuseri kwake.

"Mayina ali kuti?"

A Ndondomeko anati mulibe.

Manijala anavula nkhope ya ukali n'kuvala ya ubale. Anati iye akudziwa kuti kunjaku n'kowawa. Anati kunena zoona, chichokereni iwo mafayilo asokonekera, palibe akudziwa za tchuthi cha mnzake, ndipo kampani ingakondwe atabwerera pampando wawo. Malipiro angatsike pang'ono poyerekeza ndi kale, koma ndi a mwezi ndi mwezi. Ofesi ija aichotsamo mafayilo mawa lomwe. Chongofunika ndi tsamba limodzi lija.

A Ndondomeko anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi tayi. Anaona mpando wozungulira. Anamva fungo la tiyi wa teni koloko. Anaganiza za ana kusukulu ndi za nkhope ya akazi awo tsiku lomaliza la mwezi. Zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi anali asanakanepo chilichonse m'chipinda chimenecho, ndipo sankadziwa kuti mawu okana amatulukira mbali iti ya pakamwa.

"Bwana, mayina ndinalemba kale khumi ndi awiri, lomaliza langa. Dzanja ili linatopa. Munandiitana kuti ndikulangizeni, ndiye malangizo ake ndi amenewo."

Anatuluka mwaulemu, anatseka chitseko pang'onopang'ono, anadutsa pageti mutu uli m'mwamba. Atafika pokwerera basi anakhala pamwala. Anakhala pamenepo mpaka mabasi atatu anadutsa, akudzifunsa ngati zimene achitazo ndi kulimba mtima kapena matenda.

Akazi awo anasowa poyambira. Atamva kuti achimwene awo apulumuka anaomba m'manja. Atamva kuti amuna awo akana ntchito ya mwezi ndi mwezi, manja omwewo anawaika kumutu. Anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Anafunsa ngati panalibe njira yolandira ntchitoyo n'kulemba mayina a anthu amene anamwalira kale. Kwa masiku awiri ankawapatsa chakudya chabwino koma osawayankhula, ndipo a Ndondomeko sanadziwe ngati akulandira mphotho kapena chilango.

Patapita mwezi, lole ya kampani inayamba kuoneka m'misewu itasenza mipando, m'mbali mwake mutalembedwa kuti yobwereketsa. Manijala anauza antchito pamsonkhano kuti nzeruyi inamubwerera akusamba. Magalimoto atatu aja sanagulitsidwe. Koma anthu asanu ndi mmodzi aja sanachotsedwe, chifukwa mipando inkafuna onyamula, otsuka ndi olondola. Mlonda ndi mayi wa tiyi, amene amamva zonse pakampani, anafalitsa nkhani yoona, ndipo inakafika kwa mwini fakitale ina yosoka matumba, amene anaitana a Ndondomeko kuti akamuthandize masabata awiri. Kenaka kunali zii. Kenaka kunabwera ena a sukulu yophunzitsa kuyendetsa galimoto. Ntchito inkabwera choncho, mwezi uno kuthamanga osapuma, mwezi wamawa kuyang'ana nyerere pakhonde. Sanalemere, koma chikwangwani pageti sanachotse.

Amene zinawavuta anali alamu. Mipando inkatuluka Lachisanu, kubwera Lolemba ili ndi matope, ina yothyoka, ina itasochera kumidzi ya kutali kumene ankayenera kukaifuna okha pa lole. Kupuma kwa Loweruka kunatha, kwa Lamulungu kunatha. Kachipinda kaja kanaphwasuka sabata yoyamba, makoma ake atapita ku ukwati. M'miyezi iwiri lamba anabooledwa mabowo awiri atsopano. Akakumana ndi a Ndondomeko ankathokoza ndithu kuti anawapulumutsa, koma kuthokoza kwake kunali kwa munthu amene wachotsedwa dzino.

Lolemba lina m'mawa, mayi atangopita kuntchito, kunamveka kugogoda. A Ndondomeko anatsegula n'kupeza alamu atavala jekete imene tsopano inkawakhuthukira, chikwama m'manja. Analowa, anakhala pathebulo mbali inayo, n'kutulutsa cholembera ndi kabuku katsopano. Anafotokoza kuti asiya ntchito Lachisanu. Anati akhala akuganiza mofatsa, ndipo aona kuti munthu wa luso ngati iwo sayenera kufera pansi pa mipando ya eni ake. Anaona ndi maso awo mmene kampani yonse inkanjenjemerera a Ndondomeko, munthu wongoyenda ndi kabuku, wopanda bwana, wodzuka nthawi imene wafuna. Ndiye nawonso akhala mlangizi, wa kasungidwe ka katundu. Poti ofesi ilipo kale, palibe chifukwa chofunira ina, pachibale.

A Ndondomeko anavula magalasi. Anaganiza za masabata atatu aja, za ntchito imene anaikana, ndiponso za amene adzauze mayi nkhaniyi madzulo. Anafunsa ngati alongo awo akudziwa. Alamu anati ayi, anaona kuti ndi bwino amve kwa amuna awo, poti iwo ndi amene amatha kufotokoza zinthu mwadongosolo.

Kenaka alamu anakonza kolala, anayang'ana wotchi, anayang'ana kugeti.

"Ndiye alamu, makasitomala amayamba kufika nthawi yanji?"

A Ndondomeko anayang'ana kumsewu. Kunkadutsa galu mmodzi, naye osafulumira.

"Vulani jekete, alamu," anatero. "Ingakwinyike."